Pulogalamu ya North Karelia

Pulogalamu ya North Karelia inali ntchito yazaumoyo imene boma la Finland linayambitsa mu 1972, motsogozedwa ndi dokotala Pekka Puska, pofuna kuchepetsa matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi amene ankapha amuna ambiri m'chigawo cha North Karelia m'dzikolo asanakalambe. Popeza gwero la vutoli linali fodya, mchere wochuluka ndi batala, yemwe mafuta ake amatseka mitsempha, azaumoyo anagwirizana ndi magulu a amayi komanso opanga zakudya polimbikitsa ndiwo zamasamba ndi mafuta ochokera ku mbewu. Mu 1977 ntchitoyi inafalikira dziko lonse, ndipo patatha zaka 40 chiyambireni ntchitoyi, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a zaka 35 mpaka 64 m'chigawocho zinali zitatsika ndi maperesenti oposa 80.