Nkhani za pa kompyuta zimene wowerenga amadzisankhira njira

Hypertext fiction ndi mtundu wa nkhani zopeka zowerengera pa kompyuta zimene sizitsata ndondomeko ya buku, yoyambira pa tsamba loyamba kufikira lomaliza. Nkhaniyo imagawidwa m'tizigawo tolumikizana. Wowerenga akadina pa liwu lina, kacigawo kena kamatseguka, motero anthu awiri angawerenge nkhani imodzi koma aliyense n'kudutsa njira yake.

Liwu lakuti hypertext analiyambitsa ndi Ted Nelson wa ku America, ndipo linaoneka m'zolemba zake mu 1965.

Nkhani yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi "afternoon, a story" ya Michael Joyce. Anailemba ndi pulogalamu ya Storyspace ndi kuionetsa poyera mu 1987, ndipo kampani ya Eastgate Systems inayamba kuigulitsa pa madisiki mu 1990. Ili ndi tizigawo 539. Ikamba za Peter, mwamuna amene ukwati wake unatha. Iye waona ngozi ya galimoto ndipo akuganiza kuti mwina mkazi wake wakale ndi mwana wake wamwamuna anali momwemo. Tizigawo tina sititseguka kufikira wowerenga atayamba wadutsa kwina.

Mu 1995 Shelley Jackson anatulutsa "Patchwork Girl". Nkhaniyi inacokera m'buku la "Frankenstein" la Mary Shelley, ndipo wowerenga amalumikiza yekha mbiri ya mkazi wopangidwa ndi ziwalo za anthu osiyanasiyana.

Vuto lalikulu la nkhani zotere ndi kasungidwe kake. Buku la pepala lingakhale zaka zana likuwerengeka, koma nkhani ya pa kompyuta imadalira makina ndi pulogalamu imene inalembedwera. Makompyuta amakono alibe polowetsa madisiki akale aja. Kampani ya Adobe itasiya pulogalamu ya Flash kumapeto kwa 2020, zolemba zambiri za pa intaneti zinaleka kutseguka. Kamba ka ici, bungwe la Electronic Literature Organization, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limasonkhanitsa ndi kusunga zolembazi kuti zisatayike.

Komabe luso limeneli silinafe. Pulogalamu yaulere ya Twine, imene Chris Klimas anatulutsa mu 2009, imathandiza munthu kulemba nkhani ya njira zambiri m'cilankhulo cake ngakhale sanaphunzire kupanga mapulogalamu.