Mafunde oima: kuchokera mu chubu cha Kundt kufika m'mitsempha ya mwanapiye

Mu 1866, katswiri wa fizikisi wa ku Germany, August Kundt, anathira ufa wopepuka mu chubu chagalasi n'kulowetsamo phokoso. Ufawo sunamwazike mwachisawawa, koma unaunjikana timilutimilu totalikirana mofanana. Mafunde a phokoso akagunda kumapeto kwa chubu ankabwerera n'kukumana ndi anzawo amene akubwera. Mafunde ofanana akamasemphana chonchi, pamakhala malo ena ogwedezeka kwambiri ndi ena a bata, ndipo malowo sasuntha. Amenewa ndiwo mafunde oima. Mtunda wa pakati pa timiluto umakhala theka la utali wa funde limodzi.

Kwa azaumoyo nkhaniyi inakula mu 1971, pamene Mary Dyson wa ku Guy's Hospital Medical School ku London ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza m'magazini ya Nature. Iwo analoza ultrasound pa mitsempha ya anapiye osaswa, ndipo maselo ofiira a magazi anaima n'kundandalikana m'mizere, monga muja unachitira ufa wa Kundt, pomwe madzi a m'magazi ankapitirirabe kuyenda. Akazimitsa makina, maselowo ankayambanso kuyenda. Izi zikanatha kukhazika anthu mtima pansi, koma kafukufuku wawo wa mu 1974 anaonetsa kuti khungu lam'kati mwa mitsempha nthawi zina limawonongeka.

M'mnofu wa munthu phokoso limayenda pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi. Choncho pa 3 MHz, mulingo wa kugwedezeka kwa mafunde umene madokotala a mafupa ndi minofu amagwiritsa ntchito kawirikawiri, mizereyo imatalikirana pafupifupi kota ya milimita basi. Ndipo thupi lili ndi zobweza mafunde zakezake: fupa ndi mpweya.

Gulu la Dyson linapezanso njira yopewera vutoli, yosalira ndalama n'komwe: kusuntha mutu wa makina. Ukamayenda, mafunde oima sapeza mpata wokhazikika. N'chifukwa chake wopereka chithandizo cha ultrasound pabondo kapena paphewa amauzidwa kuti aziyendetsa mutuwo pang'onopang'ono osaimitsa, makamaka pamwamba pa fupa, pomwenso kutentha kumachuluka. Ambiri amangouphunzira ngati mwambo wa pantchito, osadziwa za anapiye aja.

Sikani ya amayi oyembekezera ndi yosiyana. Makina ake amatumiza timafunde tatifupi kwambiri n'kudikira kuti tibwerere, kotero opita ndi obwerera sakumana nthawi yokwanira kuti maselo aime.