Thanzi wa m'kapaketi

Mayi wa ku Nsaru akauza mlangizi wa zaumoyo kuti, "Mwanayu ndamumwetsa thanzi," sakunena za moyo wangwiro ayi. Akunena ufa wa ORS, womwe bungwe la PSI linkagulitsa ndi dzina loti Thanzi. Dzinalo linakakamira, moti ORS aliyense ambiri amangomutchula choncho.

Ufawu ndi shuga ndi mchere zoyezedwa bwino. Suletsa kutsegula m'mimba, koma umabwezeretsa madzi m'thupi, poti kutha madziko ndiko kumapha ana. Paketi imodzi amaisungunula m'lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, ndipo otsala pakatha maola 24 amatayidwa. Wofupikitsa matendawo ndi zinki, womwa masiku 10 mpaka 14.

Chimbudzi chikakhala cha magazi, kapena mwana akakana kumwa, ulendo ndi wa kuchipatala cha Kabudula kapena St Gabriel's ku Namitete.