Maule, Manoma ndi Anthu a kwa Mauwa

Wofuna kudziwa mbiri ya mpira m'dziko muno asathamangire ku Kamuzu Stadium ai. Ayambe wakhala pa khonde la sitolo kwa Mauwa, m'boma la Chiradzulu, tsiku limene Bullets ikumana ndi Wanderers, naone amuna a mbumba imodzi atazinga wailesi koma osayang'anana kumaso. Matimu onse awiriwa ndi a ku Blantyre. Nanga chikondi chotere chinafika bwanji kumudzi kwathu?

Chinadza ndi anthu a ntchito. Chiradzulu ndi dziko la anthu ambiri ndi minda yochepa, kotero kuti kuyambira kale anyamata ankapita ku Limbe ndi ku Blantyre kukafuna ndalama. Pobwera ankatenga sopo, mchere ndi dzina la timu. Wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inafikitsa mpirawo ngakhale kwa iwo amene sanapondepo m'tauni.

Wanderers, amene awatcha Manoma, inayamba mu 1962. Mu 1967 osewera ena anapatuka nayambitsa Bullets, ndiwo Maule, imene inadzatchuka ndi dzina la Bata Bullets chifukwa cha kampani ya nsapato. Apa mpamene pagona mkangano wao, pakuti ndi wa pachibale, wonga wa mphwake wa mfumu amene wasamuka nakamanga mudzi wake tsidya la mtsinje. Super League itayamba mu 1986 Maule ndiwo anaitenga poyamba, ndipo Manoma anabwezera mu 1990, 1995, 1997 ndi 1998.

Tsono zinafika zaka zowawa. Kuyambira 1999 kufikira 2005 Bullets inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo mu 2004, ili ndi dzina la Bakili Bullets, ndi chuma cha a Bakili Muluzi, ndi Kinnah Phiri monga mphunzitsi, inalowa m'magulu a CAF Champions League. Atsibweni anga, Noma wouma mutu, zaka zonsezo ankatseka wailesi mpira usanathe, napita kudimba ngakhale kunalibe cholima. Ana tinkawaseka. Koma nyengo itayambanso tinkawapeza akugula mabatire.

Thandizo la a Muluzi litatha, Maule nawonso anauona umphawi, nakhala osatenga ligi kufikira 2014. Manoma anaitenga mu 2006, nadikiranso mpaka 2017. Pakati pa 2006 ndi 2014 chikho chinkangopita kwa Silver Strikers ya ku Lilongwe ndi kwa ESCOM United. Ine ndinkayesa kuti atsibweni adzakondwera poona adani ao atagwa, koma tsiku lina ndinawamva akudandaula nati, "Maule akatha, ife tidzaseka yani?" Ndikhulupirira kuti mau amenewa afotokoza mbiri ya matimu awiriwa koposa ziwerengero zonse ndalembazi.

Komabe amene anapirira kwenikweni si awa. Ilipo timu ina ya ku Blantyre konko, Tigers, imene inatenga ligi mu 1989 ikutchedwa ADMARC Tigers, ndipo chitengere pamenepo sinaitengenso. Oitsata ndi owerengeka. Wina wa iwo akakhala pa khonde lija palibe womunyoza. Maule ndi Manoma omwe amamufunira zabwino, malinga ngati tsikulo sakumana ndi timu yao. Kunena zoona, chifundo chimenechi ndichiona cholemera koposa chitonzo, popeza munthu amanyoza amene amamuopa.

Inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudzazipeza zimenezi pa bwalo la sukulu. Ana akamanga mpira wa mapepala nagawana mbali, ina idzakhala Bullets, ina Wanderers, ndipo mukafunsa mwana chifukwa chake adzati ndi ya atate ake kapena ya atsibweni ake. Ndaimapo pa mabwalo ambiri otere ndi ophunzira athu, koma sindinamvepo mbali yodzitcha Tigers.