Kuyesa Maselo a T Osinthidwa Asanapatsidwe kwa Odwala Khansa

Maselo a T ndi asilikali a m'magazi. Pakhungu pao pali kambali kochedwa T-cell receptor, kapena TCR, kamene kamazindikira selo lodwala. Akatswiri amatenga maselowa m'magazi a wodwala, kuwaika TCR yatsopano yotha kuona khansa, kuwaculukitsa, ndi kuwabwezera m'thupi.

Asanatero, TCR imeneyi imayesedwa mu labotale kuti aone ngati ikupha maselo a khansa popanda kukhudza maselo abwino a mtima, ubongo, mapapo ndi ciwindi.

Kufunika kwa mayeso amenewa kunaonekera mu 2013, pamene madokotala a ku America analengeza za imfa ya odwala awiri amene analandira TCR yolimbana ndi puloteni ya khansa yochedwa MAGE-A3. Kafukufuku anapeza kuti TCR ija inasokonezeka ndi titin, puloteni ya m'minofu ya mtima. Cilemaci cinaoneka pambuyo pake, atayesa pa maselo a mtima ogunda amene anakulitsidwa mu labotale.

Mu August 2024, bungwe la FDA la ku America linavomereza Tecelra, mankhwala oyamba a mtundu umenewu, ocizira khansa ya synovial sarcoma.