Mlendo Wolowa Wopanda Odi

 Madzulo ano tikamba za mlendo amene alowa m'nyumba zathu wosanena odi. Mlendoyo ndiye uthenga wa malonda umene ufika pa foni kapena pa imelo ife osaupempha. Wina atiuza za ngongole ya msanga, wina za kubecha pa mpira, wina za mankhwala ociza nthenda zonse. Ambiri tiyesa kuti bvuto limeneli ndi la dzulodzulo. Iai, liri ndi mbiri yake, ndipo malamulo amene aliletsa lero sitingawamvetse bwino tikapanda kuidziwa mbiriyo.

Tiyambe ndi Chilenje wa kale, wa masiku aja Kenneth Kaunda anali kukhala pa nyumba nambala 394, kuyambira 1960 kufikira 1962. Nthawi imeneyo wamalonda wofuna kulankhula ndi munthu wa m'komboni anali ndi njira zowerengeka. Anatha kulipira malo m'nyuzipepala, monga zinali kucitikira kuyambira masiku a Mutende, nyuzi ya Boma imene inayamba mu 1936 nisindikizidwa m'Cingerezi ndi m'zinenero za kuno. Anatha kumata cipepala pa khoma la sitolo. Kapena anatha kulemba kalata, imene inali kufika kudzera pa bokosi la positi la ku nchito. Wailesi nayo inali italowa m'nyumba zambiri, cifukwa mu 1949 inafika ija ya Saucepan Special, imene Harry Franklin wa ku nyumba ya wailesi ya mu Lusaka anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande kuti ipange, ndipo inagulidwa mapaundi 5.

Pa njira zonsezi taonani cinthu cimodzi. Wolipira anali mwini malonda. Kalata iriyonse inafuna pepala, envulopu ndi sitampa, ndipo makalata cikwi anafuna masitampa cikwi. Cifukwa ca ici munthu sanali kulembera wina aliyense cisawawa. Anayamba waganiza ngati wolandirayo angaguledi. Sitampa, kanthu kakang'ono konyambita ndi lilime, ndiyo inali mlonda wa pakhomo pathu, ngakhale sitinaiyamike. Nyuzi ukaitopa unaipinda, wailesi unaitseka.

Koma kutsidya kwa nyanja cizolowezi coipaci cinali citaoneka kale. M'mwezi wa May 1864, mu mzinda wa London, akuluakulu ena a ndale analandira telegalamu madzulo. Inu acikulire mukumbukira mmene mtima unali kugundira telegalamu ikafika, pakuti kawirikawiri inali ya matenda kapena maliro. Akuluakuluwo atatsegula anapeza kuti yacokera kwa ozula mano ochedwa Messrs Gabriel, amene anali kungodziwitsa maola otsegulira nyumba yao ya nchito. Mmodzi wa olandirawo anapsa mtima nalembera nyuzi ya The Times, kufunsa kuti anthu amene sanacite nao kanthu ciyambire anatenga kuti ufulu womsokoneza. Funso lakelo ndi lomwe tifunsa ife lero. Komabe telegalamu inali yokwera mtengo, conco mcitidwewo sunafalikire.

Zinthu zinatembenuka pamene makompyuta anayamba kulumikizana. Pa 3 May 1978, Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America anatumiza uthenga umodzi wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, imene ndiyo kholo la intaneti. Olandira anadandaula, ndipo oyang'anira anadzudzula kampaniyo. Mu April 1994, maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anamwaza uthenga wao m'magulu a zokambirana oposa 5,000 nthawi imodzi, kuitana anthu ofuna zikalata zokhalira ku America. Caka comweco ndi cimene Zambia inalumikizidwa ku intaneti, pamene ZAMNET inayamba pa University of Zambia muno mu Lusaka. Tinalowa m'bwalo fumbi litabuka kale.

Dzina limene Azungu anapatsa mauthenga otere ndi spam, ndipo ciyambi cake ncoseketsa. Spam ndi nyama ya m'citini imene kampani ya Hormel inayamba kugulitsa mu 1937. Mu 1970 anthu a nthabwala a Monty Python anacita sewero la nyumba yodyeramo m'mene pafupifupi cakudya ciriconse cinali ndi nyamayo, ufune usafune. Dzinalo linakakamira.

Tsono cimene cinasintha nciani? Sitampa inafa. Kutumiza uthenga umodzi ndi kutumiza miliyoni kunakhala pafupifupi mtengo umodzi. Ngakhale ayankhe munthu mmodzi yekha mwa zikwi, wotumizayo wapindula, ndipo otsala onsewo ataya nthawi yao, batire lao ndi mabando ao a intaneti. Katundu amene kale anasenza wogulitsa anagwera wolandira. Apa ndi pamene maboma anaona kuti lamulo liyenera kugwira nchito imene sitampa inali kugwira.

Maiko anagawikana pawiri. A ku Ulaya, mu 2002, analamula kuti wamalonda ayambe wapempha, ndipo atumize pokhapokha munthu atabvomera, kupatula ngati munthuyo anagulapo kale kwa iye cinthu cofanana. A ku America, ndi lamulo lao la CAN-SPAM la 2003, analola kuti atumize ngakhale osapempha, malinga achule dzina lake lenileni, asaname pa mutu wa uthenga, aike adiresi yake ya positi, apereke njira yokanira, ndipo munthu akakana aleke pasanathe masiku 10 a nchito. Kunena kwanga ine, a ku Ulaya anayandikira mwambo wathu. Kwathu mlendo aima pabwalo nati odi, nayembekeza kufikira amve kuti lowani. Lamulo la ku America lilola mlendo kukhala pa mpando, kenaka mwini nyumba ndiye abvutike kumturutsa.

Kuno kwathu lamulo loyamba lokhudza nkhaniyi linadza mu 2009, lochedwa Electronic Communications and Transactions Act. Linatsata njira imene South Africa inatenga mu 2002: wotumiza malonda osapemphedwa apatse wolandira njira yodzicotsera, ndipo akafunsidwa anene kumene anatenga dzina ndi nambala ya munthuyo. Linanenanso kuti kukhala cete sikubvomera. Ngati sunayankhe uthenga, palibe pangano limene wapangana. Caka comweco bungwe la ZICTA linalowa m'malo mwa Communications Authority, kuti liyang'anire za mafoni ndi intaneti. Popeza ife a m'makomboni bvutoli litipeza pa foni koposa pa imelo, kulembetsa masimu kunali ndi gawo lake. Lamulo lake linaturuka mu 2011, ndipo kuciyambi kwa 2014 masimu osalembetsa anadulidwa. Kuyambira pamenepo nambala iriyonse iyenera kukhala ndi mwini wodziwika.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamulo la 2009 lija, niikanso lina latsopano, Data Protection Act. Ili ndilo linafika pa muzu. Linati dzina la munthu, nambala yake ndi zina zomdziwikitsa si zinthu zotola panjira. Wozisonkhanitsa akhale ndi cifukwa cololedwa, azigwiritse nchito pa cimene anazitengera, ndipo mwini wake ali ndi mphamvu yokana kuti zigwiritsidwe nchito pomtsatsa malonda. Abale athu a ku Malawi anaika lamulo lao la za malonda a pa intaneti mu 2016.

Wina angati malamulowa ndi a makampani akulu okha. Si conco. Tinene kuti mai wina wa pa msika wa Chilenje agulitsa nkhuku, ndipo ali ndi manambala a anthu amene agula kwa iye. Akawafunsa kuti, "Kodi ndizikuuzani nkhuku zikakula?" iwo nabvomera, palibe mlandu. Pa uthenga uliwonse adzichule yekha, ndipo wina akati musanditumizirenso, amfafanize tsiku lomwelo osayembekeza kuuzidwa kaciwiri. Koma akatenga manambala a pa gulu la WhatsApp la maliro kapena la mpingo nayamba kumwazako malonda, walakwira anthu amene anapereka manambala ao pa cifukwa cina. Akagula mndandanda wa manambala kwa munthu wina, walakwa koposa, pakuti eni ake sanamlole iye kapena wogulitsayo.

Tisasokoneze wamalonda wosasamala ndi mbala. Uja atumiza kuti, "Ndalama zija tumizani pa nambala iyi," sagulitsa kanthu. Mlandu wake ndi wa cinyengo, ndipo ndi wa apolisi. Koma onse awiri amwa pa citsime cimodzi, ndico manambala athu amene tisiya paliponse. Tiwalemba pa timapepala ta mpikisano wa m'sitolo. Tiwachula mokweza pa kanyumba kotumizira ndalama, anthu ali pamzere kumbuyo kwathu. Ndipo pa zipata za maofesi ambiri m'tauni pali buku lija la alendo, m'mene tilemba dzina, nambala ya citupa ndi nambala ya foni, buku limene likhala lotsegula pa tebulo tsiku lonse, wobwera pambuyo nawerenga za onse amene anamtsogolera.