Amene Anabwera Kudzayeza Umuna ku Broken Hill

Kuno ku Kamushanga, ku Kabwe, mnyamata akapezeka akutsuka mbale anzake amamuseka kuti wasanduka mkazi. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira kuti tauni yathuyi inamangidwa ndi amuna odziphikira okha. Mtovu ndi zinki zitapezeka mu 1902, njanji n'kufika mu 1906, mgodi wa Broken Hill unakoka anyamata ochokera ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi kwa Abemba. Agogo anga anali mmodzi wa iwo. M'komboni ankagona angapo m'chipinda chimodzi, kuchapa okha, kusoka okha zigamba, ndipo panalibe wowaseka.

Mmodzi mwa oyamba kudzawerenga moyo umenewu anali Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, amene anafufuza kuno mu 1939 ndi 1940. Anapeza kuti pa mkazi mmodzi panali amuna pafupifupi awiri. Analemba za maukwati a m'tauni, za malipiro othera pa zovala, za magule a madzulo. Ankakhala pansi ndi antchito n'kumacheza nawo, zomwe azungu a pamgodi sanazikonde, mpaka anamutsekera makomboni. Ndimamulemekeza munthuyu, koma muyeso wake unali wa mwamuna ndi mkazi basi.

Kumwera nkhani ya amuna okhaokha inali itaphulika kale. Mu 1907 boma la Transvaal linafufuza "maukwati a pamgodi" ku Johannesburg, kumene mwamuna wamkulu ankatenga mnyamata womuphikira ndi kumuchapira, iye n'kumamupatsa mphatso ndi ndalama, zina zokalowolera mkazi kumudzi. Anthu athu opita ku Wenela ankazidziwa, ndipo mawu oti mathanyula sanachite kubwera ndi intaneti. Taonani kuti ngakhale kumeneko wina ankayenera kukhala "mkazi": ntchito za pakhomo n'zimene zinkagawa anthu.

Muyeso wachiwiri unali wa lamulo. Malamulo a milandu amene Angelezi anakhazikitsa mu 1931 analetsa kugonana kwa amuna okhaokha. Dziko linalandira ufulu mu 1964, Broken Hill n'kukhala Kabwe, mgodi n'kutsekedwa mu 1994, koma gawo 155 la malamulowo silinasunthe. Mu 2005 nyumba ya malamulo inakhwimitsa zilango n'kuphatikizamo akazi okondana ndi akazi anzawo. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi, pamtunda pathu pomwepa, anagamulidwa zaka 15. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulocho anachoka m'dziko, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira awiriwo mu May 2020. Chodabwitsa n'chakuti ambiri oteteza lamuloli amati akuteteza mwambo wa makolo.

Tsopano kuli muyeso wachitatu, wa akatswiri a maganizo. Mu 1986 James O'Neil ndi anzake ku America anakonza mafunso 37 oyezera mmene malamulo a umuna amapanikizira mwamuna: kufunitsitsa kupambana, kubisa zakukhosi, kulimbana kwa ntchito ndi banja, ndiponso kuopa kusonyeza chikondi kwa mwamuna mnzake. Pambuyo pake ofufuza ena anawayesa pa amuna okonda amuna ndi akazi okonda akazi, kuti aone ngati akugwirabe ntchito.

Mbali yachinayiyo ndi imene imandiseketsa. Pamsika wa Kamushanga abambo awiri akhoza kugwirana dzanja nkhani yonse mpaka kutha, wina osacheuka n'komwe. Mafunso a O'Neil angatiyese omasuka kwambiri. Sangaone mnyamata amene azakhali ake amamufunsa chaka chilichonse kuti, "Nanga apongozi athu abwera liti?" Sangaonenso mtsikana amene wakana amuna onse, alangizi n'kumanong'onezana kuti sanavinidwe bwino. Ndipo wofufuza atabwera lero ndi pepala lake, ndani angalembepo zoona, podziwa kuti yankho lomwelo lingamufikitse kundende ya Mukobeko?